Njuchi zimatsata maluwa: zomera zoziitanira kudimba

Dzungu likayanga bwino, n'kuchita maluwa ambiri koma tizipatso take n'kumangofota ndi kuyoyoka, alimi ambiri amaloza chala nthaka kapena mvula. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti m'mundamo simunafike njuchi. Chomera cha dzungu chimakhala ndi maluwa aamuna paokha, aakazi paokhanso, ndipo mungu wake ndi wolemera moti mphepo siingaunyamule monga ichitira ndi wa chimanga. Duwa lililonse limatseguka m'bandakucha, dzuwa likafika paliwombo lafota. Likapanda kuchezeredwa m'maola ochepawo, ndiye kuti dzungu limodzi latayika. Nkhaka ndi mavwende nazonso zili chimodzimodzi.

Lipoti la bungwe la IPBES la m'chaka cha 2016 linasonyeza kuti pa mitundu inayi iliyonse ya mbewu zikuluzikulu za chakudya padziko lapansi, itatu imapindula ndi tizilombo ndi zamoyo zina zonyamula mungu. Komatu njuchi sizibwera chifukwa chakuti mlimi akuzifuna. Zimakhazikika pamene pali chakudya cha chaka chonse, ndipo apa ndi pomwe minda yambiri ya m'chigawo chino imaperewera. M'nkhalango za miombo njuchi zimakhuta kawiri: mitengo ya mtundu wa Julbernardia ikachita maluwa kumapeto kwa dzinja, ndi pamene ya Brachystegia ichita maluwa mvula ili pafupi. Nkhalango zoterezi ndizo zinatchukitsa uchi wa ku Mwinilunga ndi Kabompo m'dziko la Zambia. Kumene mitengoyi inathera ku makala, njuchi zimasowa pogwira, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi.

Mlimi sayenera kugula maluwa achilendo. Mpendadzuwa wobzalidwa mu Januwale umachita maluwa cha mu Malichi ndi Epulo, ndipo nawonso umabereka bwino njuchi zikauchezera. Nandolo wokhalitsa amalandirira pamene chimanga chauma. Nsangu, mtengo wa khalidwe losiyana ndi inzake, umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukira ndi kuchita maluwa mvula itasiya, nthawi imene kutchire kuli mbuu. Mlimi amene anausiya m'munda chifukwa cha chajila wake amadyetsanso njuchi mosadziwa. Kenaka pamabwera mango, mapeyala, malalanje ndi mandimu, kufikira mvula yoyamba. Chammwamba, chitowe, therere ndi khobwe zimathandiza kutseka mipata yotsala.

Palinso zomera zimene khasu limazichitira nkhanza. Chisoso, luni ndi mpungabwi zimamera zokha, ndipo kusiya mzere umodzi m'mphepete mwa dimba sikuchepetsa zokolola. Mpiru kapena anyezi wosiyidwa kuti achite njere amadzaza ndi njuchi, mwini wake n'kupezanso mbewu ya chaka chamawa. Deliya njuchi zimamukonda, koma ndi wofunika kusamala naye: amafalikira msanga, ndipo ku South Africa ali m'gulu la zomera zoletsedwa kubzala.

Njuchi ya mumng'oma si yokhayo yogwira ntchitoyi. Bemberezi, amene anthu amamuda chifukwa choboola mitengo ya denga, ndi katswiri pa maluwa a nyemba ndi nandolo. Chipika chouma chosiyidwa pakona ya munda chimamukwanira kukhala nyumba. Njuchi zina zimaikira m'nthaka kapena m'mapesi, choncho moto wolusa wa m'chilimwe umapsereza ana awo pamodzi ndi udzu.

Maluwa onsewa angasanduke msampha ngati mlimi sasamala ndi mankhwala. Chifikireni mbozi za ntchemberezandonda m'chigawo chino cha m'ma 2016 ndi 2017, kupopera chimanga kunachuluka, chonsecho njuchi zimatola mungu pangayaye. M'chaka cha 2018 mayiko a European Union analetsa kugwiritsa ntchito panja mankhwala a imidacloprid, clothianidin ndi thiamethoxam pofuna kuteteza njuchi, choncho alangizi ayenera kuphunzitsa alimi kuwerenga mayina a pabotolo. Ngati kupopera sikungapeweke, kuchitike madzulo njuchi zitabwerera, kopanda mphepo, ndiponso osati pa mbewu imene ili m'maluwa.

M'mwezi wa Okutobala njuchi zimafunanso madzi oziziritsira zisa zawo, n'chifukwa chake zimaunjikana pamijigo ndi kuopsa ana okatunga. Phale losazama, loikamo timiyala toti zizitera, loikidwa pamthunzi patali ndi khomo, limazichotsa pamjigo n'kuzisendeza kufupi ndi maungu.