Kodi osintha masewero akale a Agiriki akuwaononga?

Chaka chilichonse, nyengo yotentha ikafika ku Ulaya, anthu amakhamukira ku Epidaurus m'dziko la Greece kukaonera masewero amene analembedwa zaka zoposa 2,400 zapitazo. Amakhala pamipando yamiyala m'bwalo lotha kulandira anthu pafupifupi 14,000, ndipo ambiri amabwerera kwawo akukhulupirira kuti aona sewero la Sophocles monga mmene mwiniwake analionetsera. Sizili choncho. Bwalo limeneli linamangidwa m'zaka za m'ma 300 BC, pamene Aeschylus, Sophocles ndi Euripides onse anali atatsikira kale kulichete. Masewero awo ankaonetsedwa ku Athens, m'munsi mwa phiri la Acropolis, pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, ndipo ankayamba m'mawa dzuwa likuwala, osati usiku pa magetsi ngati lero. Mwambo wa ku Epidaurus ndi wa dzana lomweli. Sewero loyamba kuonetsedwa kumeneko m'nthawi yathu ino linali Electra, m'chaka cha 1938, motsogozedwa ndi Dimitris Rondiris, ndipo chikondwerero cha chaka ndi chaka chinakhazikika mu 1955.

Maganizo akuti kwinakwake kuli kachitidwe kenikeni, kosasakaniza, ndiye muzu wa zikhulupiriro zina zonse za masewerowa. Koma chimene chinatifika ndi mawu okha, nawonso ochepa. Sophocles analemba masewero oposa 120, lero atsala 7. A Aeschylus nawo ndi 7, a Euripides ndi 18 kapena 19, malinga ndi mmene akatswiri amaonera sewero limodzi lokayikitsa. Mavinidwe onse anapita. Nyimbo zinatsala tizidutswa tochepa chabe. Chonsecho masewerowa anali odzaza ndi kuimba: gulu la amuna 12, kenaka 15, linkaimba ndi kuvina motsatira chitoliro, ndipo ochita sewero olankhula sankapitirira atatu, akusinthasintha zigoba zakumaso kuti akhale mfumu, mthenga, kenaka mfumukazi. Mkazi sankakwera pabwalo. Medea, Antigone, Clytemnestra, onsewo anali amuna ovala zigoba. Kwa ife amene timadziwa kuti m'gule wamkulu ngakhale Maliya amavinidwa ndi mwamuna, zimenezi sizodabwitsa monga zimadabwitsira oonera a ku London.

Ena ayesapo kubwerera ku kachitidwe kakaleko. Mu 1981 Peter Hall anaonetsa Oresteia ya Aeschylus ku National Theatre mumzinda wa London ndi amuna okhaokha, onse ovala zigoba. Koma mawu anali a mlakatuli Tony Harrison, nyimbo zinali za Harrison Birtwistle, ndipo mayendedwe onse anali ongopeka mwaluso. Chosangalatsa n'chakuti winanso amene anafika pafupi ndi Athens wakale pa nkhani ya amuna anali Mjapani, Yukio Ninagawa. Mu 1978 iye anapatsa mwamuna, Mikijiro Hira, mbali ya Medea, potsata mwambo wa zisudzo za kwawo momwe amuna amasewera ngati akazi. Sewerolo linaonetsedwa ku Athens komweko mu 1984, m'Chijapani.

Ndiye pali odandaula kuti wolemba wamakono akasamutsa nkhani, kusintha mayina kapena kupotoza mathero, akunyoza eni ake. Amene amatero sanawerenge Euripides mofatsa. Agiriki sankapita kubwalo kukamva nkhani yatsopano. Nthano zake ankazidziwa kale. Chimene ankafuna n'kuona mmene mlembi wa chaka chimenecho aikhotetsere. Nkhani ya Electra ndi mlongo wake Orestes, amene anapha mayi wawo pobwezera imfa ya bambo, tili nayo katatu, kuchokera kwa alembi onse atatu, ndipo sizifanana. Kwa Aeschylus, mu 458 BC, Electra amazindikira kuti mlongo wake wabwera poona tsitsi losiyidwa pamanda ndi mapazi panthaka. Euripides anatenga zizindikiro zomwezo n'kuziseka poyera: Electra wake amafunsa ngati phazi la mwamuna ndi la mkazi zingalingane. Sanalekere pomwepo. Anachotsa mwana wa mfumuyo kunyumba yachifumu n'kumukwatitsa kwa mlimi wosauka, mpaka timamuona atasenza mtsuko wa madzi. Mu 412 BC mlembi yemweyu anaonetsa sewero lakuti Helen sanapite n'komwe ku Troy, anali ku Egypt nthawi yonseyo, ndipo ankhondo anafera mzukwa wofanana naye. Mlembi wamakono atalimba mtima chonchi, bwenzi otsutsa atamudya wamoyo.

Ngakhale mawu olembedwawo sanakhale bata. Patapita zaka makumi angapo alembi atamwalira, ochita zisudzo ankawonjezera ndi kuchotsa momwe afunira, mpaka mtsogoleri wina wa Athens, Lycurgus, cha m'ma 330 BC, analamula kuti boma lisunge makope ovomerezeka ndipo osewera asapatukepo. Lamulo lotere silikhazikitsidwa pamene palibe vuto.

Za chikhulupiriro chakuti masewerowa onse amathera m'maliro, yankho lake ndi lalifupi. Alcestis amabwezedwa kwa mwamuna wake kuchokera kwa akufa. Helen amathawa bwinobwino ndi mwamuna wake Menelaus. Oresteia imathera m'khothi, Orestes atamasulidwa, anthu akuyenda ndi miuni. Komanso pampikisano mlembi aliyense, akatha masewero atatu olemera, ankatsekera ndi lachinayi lanthabwala, lodzaza ndi kuledzera ndi zolaula.

Chikhulupiriro cholimba kwambiri, makamaka kuno kwathu, n'chakuti masewerowa ndi chuma cha azungu, ndipo Mwafirika akawagwira akungotsanzira. Ku Malawi maganizowa ali ndi pomwe anamerera: Chigiriki ambiri timachidziwira ku Kamuzu Academy, sukulu ya ku Mtunthama m'boma la Kasungu yomwe inatsegulidwa mu 1981, kumene Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza, choncho chimanunkha ulemerero ndi tayi. Koma Ulaya yemweyo sanalandire masewerowa ngati cholowa chopatsirana mosadukiza. Kwa zaka zoposa 1,000 sanaonetsedwe n'komwe. Oedipus wa Sophocles anabwerera pabwalo mu 1585 ku Vicenza m'dziko la Italy, m'Chitaliyana, potsegulira Teatro Olimpico. Antigone wa Sophocles amene anatchuka ku Potsdam mu 1841 anali m'Chijeremani, ndi nyimbo za Felix Mendelssohn. Mngelezi ndi Mjeremani nawonso ndi obwereka, ndipo chipembedzo cha Agiriki, cha milungu yambiri, nsembe, maula ndi mizimu ya akufa yofuna kupepesedwa, n'chachilendo kwa iwo kuposa kwa Myoruba.

Ola Rotimi wa ku Nigeria anaona zimenezi. Mu 1968, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, anaonetsa ku Ife sewero la The Gods Are Not to Blame. Oedipus anasanduka Odewale, mfumu ya Kutuje. Mafupa a nkhani ndi omwe aja: mwana wonenedweratu kuti adzapha bambo ake n'kukwatira mayi ake. Koma chomwe chimamupsetsa mtima Odewale mpaka kupha mkulu wina, osadziwa kuti ndi bambo ake, n'chakuti, pa mkangano wa munda, mkuluyo ananyoza mtundu wake ndi kalankhulidwe kake. Rotimi anachotsa mlandu kwa milungu n'kuuika pa tsankho la mitundu, pa nthawi imene anthu a dziko lake ankaphana pa chifukwa chomwecho. Uku si kutsanzira. Uku n'kutsutsana ndi Sophocles maso ndi maso. Femi Osofisan anachitanso chimodzimodzi mu 2004 ndi Women of Owu, posamutsa kulira kwa akazi a ku Troy kupita ku mzinda wa Chiyoruba wa Owu, umene unawonongedwa m'zaka za m'ma 1820, maso ake ali pa nkhondo ya ku Iraq ya mu 2003. Apanso anali m'mapazi a mwini sewero: Euripides anaonetsa sewero lake la akazi a ku Troy mu 415 BC, patangopita miyezi yochepa anthu a ku Athens atapha amuna a pachilumba cha Melos n'kugulitsa akazi ndi ana awo muukapolo. Ndipo mu 2013 akazi othawa nkhondo ya ku Syria analisewera ku Amman, akulowetsamo nkhani za moyo wawo.

Ku South Africa ndiko kumene ine ndimaona kuti kusinthaku kunabala zipatso zoposa. The Island, sewero limene Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapangira limodzi, linayamba kuonetsedwa ku Cape Town mu 1973 pansi pa dzina lina, chifukwa kutchula ndende ya Robben Island pabwalo kunali kuputa boma. Akaidi awiri, atatopa ndi ntchito yakalavulagaga, akukonzekera kusewera mlandu wa Antigone pamaso pa anzawo ndi oyang'anira ndende. Winston akukana kuvala tsitsi lachingwe ndi mabere abodza, poopa kusekedwa. Kenaka kukubwera uthenga wakuti John amuchepetsera chilango, atuluka pakapita miyezi itatu, pamene Winston ndi wa moyo wonse. Akamadzaimirira Winston pomaliza kulankhula ngati mtsikana woweruzidwa kuti akatsekeredwe m'phanga ali moyo, palibenso woseka. Mawu a Sophocles atsalamo ochepa zedi, koma kulemera kwake konse kulipo. Kani ndi Ntshona analandira mphoto ya Tony ku New York mu 1975. Patapita zaka pafupifupi 30, Yaël Farber anatenga Oresteia n'kuiika m'bwalo lofanana ndi la komiti yofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu, m'sewero la Molora. Gulu loimba linali la amayi a Chixhosa a ku Ngqoko, ndipo iwo ndi amene amaletsa ana aja kupha mayi wawo. Magazi amene Aeschylus anakhetsa, Farber anawakana.

Apa ndiye pamabwera chikhulupiriro china, chokoma kumva, chakuti Antigone nthawi zonse ndi chida cha oponderezedwa, ndipo olamulira ankhanza amamuopa. Mbiri siivomereza kwenikweni. Sewero la Jean Anouilh linaonetsedwa ku Paris mu February 1944, mzindawo uli m'manja mwa asilikali a Hitler, ndipo ofufuza mabuku a Chijeremani analiloleza. Ena mwa oonera anaona mwa Antigone anthu omenyera ufulu mobisa. Ena anaona mwa Creon, mfumu yoweruza Antigone, mtsogoleri wanzeru wosenza ntchito yonyansa kuti dziko lisagwe, ndipo nyuzipepala zina zogwirizana ndi Ajeremani zinaliyamikira. Onsewo anaombera m'manja m'chipinda chimodzi. Bertolt Brecht, pofuna kuti pasakhalenso kukayika kotere, anachita kulembanso nkhaniyo mu 1948 ku Chur m'dziko la Switzerland, n'kusandutsa Creon wankhanza wokonda nkhondo. Kuti anafunika kutero ndi umboni wakuti Sophocles sanapereke Creon wophweka kudana naye. Kale lomwe ku Athens, katswiri wolankhula Demosthenes anagwiritsa ntchito mawu oyamba a Creon m'khothi ngati chitsanzo cha mmene wokonda dziko lake ayenera kuganizira.

Pa Robben Island penipeni, akaidi atakonza zosewera Antigone, Nelson Mandela anatenga mbali ya Creon. M'buku la mbiri ya moyo wake, lotuluka mu 1994, iye anafotokoza kuti Antigone ndiye ankaimira nkhondo yawo, koma anaonanso nzeru m'mawu oyamba a mfumuyo, ndipo chimene anaitsutsa nacho n'kuuma khosi ndi kusamva za ena. M'chaka chomwecho cha 1994 anakhala pulezidenti wa South Africa.