Bauti Wakutha Mazinga Angagwetse Munthu

Okwera njinga zamoto m'miseu yafumbi ya ku Katete ndi Chadiza amaopa mcenga ndi mbuzi, koma ambiri amaiwala bauti wotsekera oilo kunsi kwa injini. Bautiyo ndi wacitsulo colimba, pamene injini ndi ya aluminiyamu, yofewa. Mukamanga mopyola muyeso, mazinga a m'boo amadyeka, ndipo oilo amadonthera pa tayala la kumbuyo. Pokhota, njinga imaterereka.

Kukulunga pulasitiki kapena mphira pa bauti n'kudzinyenga cabe. Cofunika ndi tapu, kacitsulo kosemera mazinga atsopano, ndi bauti wokulirapo pang'ono. Pakani girisi pa tapuyo kuti tizidutswa tisagwere m'injini. Pomanga bauti, yambani ndi zala, sipanala ibwere pomalizira.