Sabola ndi yanu, kapusi musakapatse

Imwe okonda michopo ya pa weekend, amene simudya nsima popanda Nali pa tebulo, nkhani iyi ndi yanu. Kapusi kakayamba kulira pansi pa mpando, ambiri mumangokaponyera nyama yothira kale chili. Ena mumachita dala kuti kaleke kuba kapenta, ena mufuna chabe ka video koseketsa ka pa TikTok. Manje funso ndi ili: kodi sabola ili bwino kwa pusi? Yankho ndi iyayi.

Chimene chiwawa mu sabola chitchedwa capsaicin. Pusi amamva kutentha kwake monga inu, kusiyana ndi kwakuti inu munasankha nokha, iye sadziwa chamugwera. Ganizirani, alimi a ku Luangwa amathamangitsa njovu m'minda ndi sabola yomweyi. Ngati njovu ithawa, nanga kanyama ka makilo 4?

Pusi akadya chili mudzaona malovu akutuluka maningi, akuyetsemula, akupukuta pakamwa ndi mwendo, nthawi zina kusanza ndi kutsegula m'mimba. Vuto lina ndi lakuti pusi amasamba ndi lilime. Sosi ikakhala pa mwendo, posachedwa yafika m'maso.

Kunyambita kamodzi nthawi zambiri sikupha. Choopsa kwambiri ndi zimene zimabwera pamodzi ndi sabolayo. Tengani botolo muwerenge kumbuyo: masosi ambiri ali ndi mchere, viniga, galiki ndi anyezi. Anyezi ndi galiki, kaya zaziwisi, zophika kapena za ufa, zimaononga maselo ofiira a magazi a pusi. Ndiye si sosi chabe, ngakhale supu ya ndiwo zathu za masiku onse, ija ya tomato ndi anyezi, si ya pusi. Matendawa saonekera pamenepo. Papita masiku angapo, mwaiwala kale, ndiye pusi wafooka, akana kudya, apuma mofulumira, nkhama zake zayera ndipo mkodzo wada.

Ngati wadya kale, chotsani mbale, muikireni madzi abwino akumwa. Pukutani pakamwa ndi miyendo ndi kansalu konyowa, ndipo ngati sosi yalowa m'maso tsukani ndi madzi. Mkaka usiyeni, apusi ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba. Musamukakamize kusanza ndi madzi a mchere. Ndipo chonde, Panado iyayi! Paracetamol ndi poizoni kwa pusi, piritsi limodzi chabe likhoza kumupha.

Akapitiriza kusanza, akaleka kudya tsiku lathunthu, kapena mudziwa kuti wadya anyezi wambiri, pitani naye kwa ba vet osachedwa. Mu Lusaka kuli kiliniki ya nyama pa sukulu ya vet ku UNZA, pa Great East Road. Amene muli kutali, funsani ku ofesi ya vet ya m'boma lanu.

Mufuna kumukondweretsa? Mupatulireni kankhuku kapena nsomba yophika musanathire mchere, anyezi ndi chili, mafupa ndi minga muchotse. Ngati ndi kawalala wa kapenta, vinikirani poto ndi kutseka kabati. Uyu ndiye mlonda amene amakugwirirani makoswe mu komboni popanda salary, musamulipire ndi moto pakamwa.