Mawu Okhudza Kugwira M'masewera a Mawu Opingasa

Masewera odzaza malembo m'timabokosi, ena mopingasa ena motsitsa, anatuluka koyamba m'nyuzipepala ya New York World pa 21 Disembala 1913. Amene anawakonza ndi Arthur Wynne, mbadwa ya ku Liverpool. Lamulo lake ndi lakuti funso lililonse lizilozera ku yankho limodzi lokha. Apa ndi pamene mawu okhudza kugwira amayesa nzeru za wolemba mafunso.

Wolemba wina atati, "Chogwirira, malembo 4," omvera atatu angayankhe mosiyana, onsewo osalakwa. Mnyamata wosaka mbewa adzati diwa, kutanthauza mwala waphanthiphanthi umene umagwera mbewa ikakhudza nyambo. Msodzi wa mu mtsinje wa Shire adzati mono, dengu lija lolukidwa mwakuti nsomba ikalowa njira yotulukira siipeza. Nkhalamba ya ku Nkhotakota ingatchule goli, mtengo wamphanda umene ogula akapolo ankaika m'khosi mwa anthu m'zaka za m'ma 1800. Wolakwa pamenepa ndi wolembayo, pakuti sanatchule chogwidwa ngakhale kagwiridwe kake.

Funso labwino limasiyanitsa zinthu. "Utomoni wokolera mbalame, malembo 6" ndi ulimbo basi. "Ukonde waukulu wokokera kumtunda, malembo 5" ndi khoka. Aneni nawo ali chimodzimodzi. Mpira woponyedwa amachita kuuwakha, nsomba ya pa mbedza amaiwedza, nkhwali imakodwa mu msampha, ndipo mphamba mwanapiye amamukwatula.

Palinso mafunso ochenjera amene amaseweretsa liwu la matanthauzo awiri. "Mmisiri amachita pa nyumba, wapolisi amachita pa wakuba, malembo 5": yankho ndi manga. "Dzenje lotcherera nyama, komanso nsomba zokongola za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, malembo 5": yankho ndi mbuna. Woyankha akapeza liwu lotere amakondwa, chifukwa makomo awiri atseguka ndi kiyi mmodzi.

Wina angayese kuti zonsezi ndi zotayitsa nthawi chabe, koma si choncho. Pabwalo la milandu, kunena kuti munthu anagwidwa n'kosiyana ndi kunena kuti anamangidwa, ndiponso wolanda katundu poyera si amene waba mobisa. Mboni yosakaniza mawu otere ingathe kupweteketsa munthu wosalakwa. Komanso mwana wokulira m'tauni, amene sanaonepo mono kapena diwa, amangoti "kugwira" pa chilichonse, ndipo mawu enawo amazimirira pang'onopang'ono.

Choncho aphunzitsi ndi makolo angachite bwino kukonzera ana masewerawa pa bolodi kapena pa mchenga pomwe. Mwana akakanika funso, apite kwa agogo ake akafunse kuti khwekhwe amatchera bwanji. Adzabwerako ndi malembo 8 odzaza m'timabokosi, pamodzi ndi luso la makolo limene linabala liwulo.