MAGAZINI YA AKATSWIRI A ZANDALE IMENE IDAKONZEDWAPO KU ZOMBA

Pali magazini zina zimene sizigulitsidwa pa msika kapena m'mphepete mwa mseu. Zilibe zithunzi zokopa maso, zilibe nkhani za mpira, ndipo nkhani imodzi yokha imatha kudzaza masamba makumi aŵiri kapena atatu. Amaziŵerenga ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, ophunzira awo, akazembe ndiponso alangizi a maboma. Komabe zolembedwa m'menemo zimanena za anthu wamba, monga mayi wothyola tiyi ku Limbuli m'boma la Mulanje, kapena bambo wopalasa njinga yodzaza chimanga kuchokera ku Milange kudzera pa chipata cha Muloza. Nkhani ya lero ikulongosola za imodzi mwa magazini zoterezi, zimene imafufuza, ndiponso mmene mau ake amasinthira maganizo a anthu ophunzira.

Dzina lake ndi Journal of Modern African Studies, ndipo imasindikizidwa ku Cambridge, ku Mangalande, kanayi pa chaka. Adaiyambitsa m'chaka cha 1963 ndi David Kimble pamodzi ndi Helen Kimble, pa nthaŵi imene David Kimble anali kuphunzitsa ku Dar es Salaam. Chakacho chinali cha pakati pa mphepo ya ufulu. Ghana idalandira ufulu mu 1957, Tanganyika mu 1961, ndipo Malaŵi anali pafupi kulandira wake pa 6 Julaye 1964. Mabuku ambiri a azungu onena za Afirika pa nthaŵiyo anali kufotokoza miyambo, maukwati, magule ndi mbiri ya makolo, ngati kuti Mwafirika ndi munthu wa dzulo lokha. Magazini yatsopanoyi idasankha njira ina. Idafuna kufufuza Afirika wa lero: zipani, zisankho, asilikali olanda boma, chuma, malo, ntchito ndi ubale wa maiko.

Chimene ambiri sachidziŵa ndi chakuti magaziniyi idakhalapo mlendo m'dziko muno. M'chaka cha 1977 David Kimble adabwera kudzakhala mkulu woyendetsa Yunivesite ya Malaŵi, ndipo adakhala pa udindowo zaka pafupifupi khumi. Ukonzi sadausiye ai. Motero nkhani za akatswiri a ku Nigeria, ku Amereka, ku Kenya ndi kwina konse zinali kufikira ku Zomba, kumene mkonzi anali kuziŵerenga ndi kuzisankha zisanapite kokasindikizidwa. Iye adagwira ntchitoyo mpaka 1997, pamene adaisiyira Christopher Clapham.

Kodi nkhani imaloŵa bwanji m'magazini yotere? Apa ndi pamene pali kusiyana kwake ndi nyuzipepala. Wofufuza amayamba ndi funso. Kenaka amasonkhanitsa umboni, kaya pocheza ndi anthu m'midzi, kaya pofukula makalata akale ku nyumba yosungiramo mbiri ya dziko ku Zomba, kaya poŵerengera ziŵerengero za mavoti ndi za malipiro. Akalemba nkhani yake amaitumiza kwa mkonzi. Mkonzi amaipereka kwa akatswiri ena odziŵa bwino mutuwo, ndipo kaŵirikaŵiri maina amabisidwa kuti pasakhale kukondera kapena mantha. Akatswiriwo amaipenda monga mmene nduna za mfumu zimapendera mlandu pa bwalo. Amafunsa kuti: mboni zili kuti? Nanga mbali inayo yamvedwa? Kodi chigamulo chikugwirizana ndi umboni? Nkhani zambiri zimakanidwa, zina zimabwezedwa kuti zikakonzedwe, ndipo pamatha chaka kapena kupitirira nkhani isanatuluke. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku ndiko kumapatsa magazini ulemu wake.

Tsono nkhani zake zimakhudza bwanji anthu a kuno? Chitsanzo choyamba ndi cha ulendo wa ku Joni. Kwa zaka zambiri amuna a m'dziko muno anali kulembedwa ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chiŵerengero chawo chidaposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndi kupha Amalaŵi oposa 70. Pulezidenti Kamuzu Banda adaletsa Wenela kulemba anthu, ndipo amuna zikwizikwi adabwerera kwawo. Anthu ambiri adaona ngati nkhani yathera pa ngoziyo. Koma mu 1983 Robert Christiansen ndi Jonathan Kydd adalemba m'magaziniyi za kubwerera kwa antchito a ku Malaŵi kuchokera ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Iwo adaunika nkhaniyo pamodzi ndi kukula kwa maesiteti m'dziko muno, makamaka a fodya, amene pa zaka zomwezo anali kufuna manja ambiri. Motero funso lidasanduka lina: kodi adapindula ndani pamene munthu adasiya malipiro a ku mgodi ndi kuyamba kulandira malipiro a pa esiteti? Funso limeneli lidathandiza akatswiri ambiri kuunikanso chitukuko cha zaka zimenezo, chimene chidakweza minda ikuluikulu pamene mlimi wa m'mudzi adatsalira.

Nkhani imeneyo idatuluka mkonzi ali ku Zomba, pa nthaŵi imene kulankhula za ndale kunali koopsa. Dziko lidakhala la chipani chimodzi mu 1966, lamulo lopenda ndi kuletsa mabuku lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Dr. Banda adakhala Pulezidenti wamuyaya mu 1971. Mphunzitsi wa ku Chancellor College, Jack Mapanje, adamangidwa mu 1987 ndi kukhala m'ndende mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Chifukwa cha ichi, ambiri mwa olemba za ndale za Malaŵi pa zaka zimenezo anali alendo, kapena Amalaŵi okhala kunja. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma apa kalumoko kanali m'manja mwa mlendo kaamba kakuti eni mudzi adaamanga manja.

Mphepo itasintha, magaziniyi idatsata kusinthako. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika idaŵerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula umphaŵi, kusoŵa chilungamo ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu, ndipo pa 17 Meyi 1994 padachitika chisankho chimene Bakili Muluzi adapambana. M'chaka cha 1995 magaziniyi idasindikiza nkhani ya Jonathan Newell yonena za mbali imene mpingo udatenga pa kusinthako, ndiponso ya Deborah Kaspin yonena za ndale za mitundu. Kaspin adaunika chinthu chimene aliyense adachiona pa zotsatira za 1994: Kumpoto kudavotera Chakufwa Chihana, Pakati padavotera Dr. Banda, ndipo Kumwera kudavotera Muluzi. Akatswiri ofufuza nkhaniyi adaonetsa kuti kugaŵikanaku sikudachokere ku udani wa makolo, koma kudaumbidwa pang'onopang'ono ndi mmene maboma adagaŵira sukulu, ntchito, chitukuko ndi ulemu wa zilankhulo. Wailesi nayo ili m'nkhaniyi, pakuti mu 1968, pamene Chicheŵa chidakhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi.

Mphamvu ya nkhani yotere imaoneka pamene ena aitola ndi kumangapo. M'chaka cha 2004 Daniel Posner adalemba m'magazini ina yaikulu ya ku Amereka, American Political Science Review, nkhani imene yatchuka pa dziko lonse. Iye adacheza ndi anthu m'midzi inayi ya m'malire a Malaŵi ndi Zambia, iŵiri ya Acheŵa ndi iŵiri ya Atumbuka. Adapeza kuti ku Malaŵi mitundu iŵiriyi imaonana ngati opikisana pa ndale, pamene ku Zambia imaonana ngati abale a kuchigawo cha kummaŵa. Miyambo ndi yomweyo mbali zonse za malire. Chosiyana ndi kukula kwa mtundu poyerekeza ndi dziko lonse. Ku Malaŵi mtundu uliwonse mwa iŵiriyi ndi waukulu mokwanira kuti wandale audalire pofuna mavoti, choncho amapindula poisiyanitsa. Ku Zambia yonse ndi yaing'ono, choncho wandale amapindula poiphatikiza. Phunziro lake ndi lakuti nthaŵi zambiri tsankho limakolezedwa ndi oŵerengera mavoti.

Anthu a ku Limbuli angalimvetse phunziro limeneli msanga kuposa ophunzira a ku London, chifukwa nawonso amakhala pa malire odula mtundu umodzi pakati. Alomwe ali ku Mulanje ndipo ali ku Mozambique. Makolo a ambiri a iwo adaoloka malire pothaŵa nkhanza za Apwitikizi, ndipo adapeza malo abwino a m'tsinde mwa phiri ali m'manja mwa azungu, pakuti tiyi adayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891. Kuti munthu akhale pa malo a mzungu anali kulipira ndi thukuta lake, mwambo woŵaŵa wotchedwa thangata, umene udathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Mbiri imeneyi idalembedwa ndi akatswiri. J.A.K. Kandaŵire, Mmalaŵi, adafufuza mmene thangata, amene kale anali kuthandizana kwa anansi pa ntchito, adasandukira goli. Robin Palmer adalemba mu Journal of African History mu 1986 za moyo wa antchito a m'minda ya tiyi kuyambira 1930 mpaka 1953. Pamene nkhondo ya ku Mozambique idakula m'zaka za m'ma 1980, malire omwewo adalandiranso othaŵa kwawo, ndipo dziko lonse lidasunga anthu oposa miliyoni imodzi mgwirizano wa mtendere wa 1992 usanafike.

Nanga akatswiri amayeza bwanji kulemera kwa magazini? Njira yodziŵika ndiyo kuŵerenga kuti nkhani zake zatchulidwa kangati ndi olemba ena. Wolemba aliyense amayenera kuonetsa kumene watenga mfundo zake, monga mmene munthu pa bwalo amanenera kuti mau aŵa ndidaŵamva kwa uje. Nkhani yotchulidwa kaŵirikaŵiri imakweza dzina la magazini, ndipo mphunzitsi wa pa yunivesite amene nkhani zake zatuluka m'magazini yolemekezeka amakwezedwa pa ntchito. Koma muyeso umenewu uli ndi chilema chake. Umaŵerenga mau a akatswiri okhaokha, ndipo sungaonetse ngati mudzi umene udafufuzidwa udapindula kanthu.

Njira ina imene kafukufuku amagwirira ntchito ndi yosaoneka msanga. Wophunzira amaŵerenga nkhani ku Zomba, patapita zaka amakhala mlembi wamkulu mu unduna kapena phungu wa nyumba ya malamulo, ndipo mfundo ija amapita nayo ku msonkhano. Vuto la kuchepa kwa malo ku Mulanje ndi ku Thyolo lidalembedwa kwa zaka zambiri. Mu 1996 boma lidakhazikitsa bungwe lofufuza za malamulo a malo, mu 2002 padatuluka ndondomeko ya malo ya dziko lonse, ndipo kuyambira 2004 mpaka 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo idasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera m'maboma aŵiriŵa, kupita ku Machinga, ku Mangochi ndi maboma ena. Ntchitoyo nayonso idafufuzidwa, ndipo mmodzi mwa oifufuza anali Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College, amene pambuyo pake adasankhidwa kukhala nduna ya maboma aang'ono. Sikuti magazini ndiyo idasamutsa anthu kapena kulemba malamulo. Koma popanda umboni wolembedwa, dandaulo la mlimi limatha ngati mame dzuŵa likatuluka.

Pali dandaulo limene Aafirika ophunzira akhala akulinena, ndipo ndi loyenera kulimva. Magazini zikuluzikulu zonena za Afirika zimasindikizidwa kunja kwa Afirika, m'Chingerezi chovuta, ndipo mtengo wake ndi wokwera koti nyumba zoŵerengera za m'dziko losauka zimalephera kulipira. Gogo wa ku Limbuli amatha kukhala tsiku lathunthu akufotokozera mlendo za thangata, koma mdzukulu wake wa ku sekondale sadzaiona nkhani imene idatuluka pa machezawo. Nzeru idachoka pa mudzi, ndipo siidabwerere. Nchifukwa chake magazini za kuno ndi zofunika kuzisamala, monga Society of Malawi Journal, imene idayamba mu 1948 ndi dzina lakuti Nyasaland Journal, ndiponso Journal of Social Science ya ku Chancellor College. Masiku ano intaneti yathandiza, pakuti nkhani zina zimaikidwa poyera kuti aliyense aŵerenge mwaulere, koma khoma la chilankhulo likadalipo.

Zimene omvera angatolepo ndi ziŵiri. Choyamba, wofufuza akafika pa mudzi ndi kope lake, anthu ali ndi ufulu womufunsa kumene wachokera, chimene akufuna, ndi kumene mayankho awo apite. Ali ndi ufulu wokana kuyankha, ndiponso wopempha kuti zotsatira zake zidzafotokozedwe pa bwalo la mfumu m'chilankhulo chawo. Wofufuza woona sakwiya ndi mafunso otere. Chachiŵiri, mwambo wa magazini zimenezi ndi wothandiza ngakhale kwa munthu amene sadapite patali ndi sukulu. Pa nthaŵi ya chisankho, wandale akaima pa nsanja ndi kunena kuti mtundu wakutiwakuti ndiwo wadya chuma cha dziko, womvera angathe kufunsa mafunso omwe aja amene akatswiri amafunsana: umboni uli kuti, mbali inayo ikuti chiyani, ndipo apindule ndani anthu akakhulupirira mauwo?