Limu yolimba pa njinga yotsetsereka mapiri ndi iti?

Mu June 2014, pa mpikisano wa njinga wa World Cup ku Leogang m'dziko la Austria, Aaron Gwin wa ku America anali atangoyamba kutsika phiri pamene tayala lake lakumbuyo linaphwa. Posakhalitsa tayalalo linavuka n'kuyamba kulendewera. Wina akanatsika n'kuyamba kukankha njinga. Iye anapitiriza ulendo pa limu yokhayokha, ikugunda miyala ndi mizu ya mitengo mpaka kukafika kunsi kwa phiri. Tsikulo sanapambane, koma limu yake ya aluminiyamu, ya mtundu wa DT Swiss EX471, inatchuka kuposa njinga ya amene anapambana. Inafika itakalikakalika, koma ikadali yozungulira ndipo ikadanyamula munthu.

Masewerawa ndi otsetsereka phiri pa njinga yakapalasa, aliyense payekha, ndipo wopambana ndi amene watenga nthawi yochepa. Ku Fort William m'dziko la Scotland, njira yake ndi yotalika pafupifupi makilomita 2.8 ndipo imatsika mamita opitirira 500. Akatswiri amaimaliza m'mphindi zosakwana zisanu, ndipo pena liwiro limapitirira makilomita 60 pa ola. Apa pali lamulo la sayansi lomwe limu iliyonse imakumana nalo: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene njinga imagunda nayo mwala imawirikiza kanayi. Mwala umene mungaudutse bwinobwino pa makilomita 20 pa ola ukhoza kuphwanya gudumu pa makilomita 40.

Zida zakhala zikuvutika m'masewerawa chiyambire. Mipikisano yoyamba, yomwe inayamba mu 1976 ku Marin County ku California, inkatchedwa Repack chifukwa girisi wa m'habu yakumbuyo ankapsa ndi mabuleki, moti akatsika ankafunika kupakanso wina. Lero mabuleki a njinga za masewerawa amagwira pa kachimbale ka pa habu, sakhudza limu. Ntchito ya limu yatsala iwiri: kugwira tayala ndi kupirira nkhonya za miyala.

Anthu ambiri akamasankha limu amayang'ana limuyo payokha, ngati kuti ndi imene imanyamula katundu yense. Gudumu la njinga limalimba chifukwa cha masipoko okokedwa mwamphamvu. Pa gudumu lomangidwa bwino, sipoko imodzi ya mbali yokokedwa kwambiri imakoka ndi mphamvu yofanana ndi kulendeweza makilogalamu 100 kapena 120. Munthu akakwera, masipoko ochepa amene ali pansi, pafupi ndi pamene tayala lakhudza nthaka, amamasuka pang'ono, ndipo gudumu likazungulira amabwerera mwakale. Katswiri wina wa zamakina, Jobst Brandt, anafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane m'buku lake lotchedwa The Bicycle Wheel mu 1981. Sipoko imene inali yofewa kale imafika pokhwepeperatu nthawi iliyonse ikafika pansi. Ikatero, limu pamalopo imatsala yopanda chochirikiza, ndipo mwala ukaipeza pa nthawi imeneyo imapindika.

Amisiri okonza njinga za kabaza m'misika yathu amazidziwa bwino zimenezi ngakhale sanaziwerenge m'buku. Taonani mmisiri akamawongola limu. Amatembenuza njinga chagada, n'kuzungulitsa gudumu pang'onopang'ono, chala chachikulu chili pafupi ndi m'mphepete mwa limu. Pamene limu yakhudza chalacho amaima, n'kupotoza kanati ka sipoko pang'ono chabe, kenako wa mbali inayo, n'kuzungulitsanso. Akatha amafinya masipoko awiriawiri ndi dzanja, ena amawakhwatsa ngati zingwe za banjo n'kumamvetsera. Masipoko a mbali imodzi akamalira mofanana, ndiye kuti akokedwa mofanana. Imodzi ikalira mogonthera, pamenepo ndi pamene gudumu lidzayambire kuwonongeka. Makaniko wa timu ya World Cup amagwiritsa ntchito kachida koyezera, koma chimene akufuna ndi chomwecho. Ine ndingasankhe limu ya mtengo wapakati yomangidwa ndi manja osamala chotero kusiyana ndi yodula imene masipoko ake anangomangidwa mothamanga. Pa njinga yotsetsereka mapiri, masipoko 32 ndiwo ambiri amawadalira, makamaka kumbuyo. A 28 amapepukitsa gudumu pang'ono, koma imodzi ikaduka otsalawo amasenza katundu wochuluka.

Mkangano waukulu uli pa chimene limu yapangidwira: aluminiyamu kapena ulusi wa kaboni. Aluminiyamu ndi yopepuka, kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo wamba, ndipo opanga malimu amaisakaniza ndi zitsulo zina kuti ilimbe, monga mitundu imene amaitcha 6061 ndi 6069. Ikagunda mwala mopitirira muyezo imabonyoka. Kubonyokako kumameza mphamvu ya nkhonyayo, monga mmene kutsogolo kwa galimoto kumafwanyikira pa ngozi kuti okwera apulumuke. Nthawi zambiri munthu amatha kuwongola pobonyokapo ndi sipanala n'kumaliza tsiku lake. Vuto la aluminiyamu ndi kutopa. Kukokedwa ndi kumasuka kambirimbiri kumabala timing'alu, makamaka mozungulira mabowo a masipoko, ndipo timakula pang'onopang'ono. Ubwino wake ndi wakuti timaoneka kwa amene amafufuza.

Kaboni ndi ulusi woonda kwambiri woyalidwa mosanjikiza n'kumatidwa ndi utomoni wouma gwa. Limu yabwino ya kaboni imapirira nkhonya zimene zikanabonyola aluminiyamu, ndipo imakhala yowongoka nthawi yaitali. Koma sidziwa kubonyoka. Malire ake akapitirira imang'aluka, kapena ulusi umalekana m'kati pomwe kunja kukuoneka kosalala. Malimu a kaboni a masiku ano ndi olimba kuposa a zaka khumi zapitazo, ndipo makampani ena, monga Reserve, amalonjeza kupereka ina ikathyoka. Lonjezo limenelo ndi labwino kwa munthu amene wogulitsa ali naye pafupi. Kwa amene ayenera kudikira milungu kuti katundu achokere kutsidya la nyanja, ndi lothandiza pang'ono. Mtengo wa limu imodzi ya kaboni umagula za aluminiyamu zingapo, ndipo pa njinga zotsetsereka kusiyana kwa kulemera n'kochepa, chifukwa kaboni yoti ipirire miyala imafunika kukhala yochindikala. N'chifukwa chake ngakhale pakati pa akatswiri olipidwa alipo ambiri amene amathamangabe pa aluminiyamu.

Kuuma si kulimba. Gudumu louma kwambiri, makamaka lakutsogolo, limanjanja pa mizu m'malo motsata nthaka, ndipo kugwedezeka konse kumathera m'manja mpaka zala zimalephera kufinya buleki. Limu yogonja pang'ono imathandiza tayala kugwira pansi.

Za kukula sizovuta. Malimu ambiri a masewerawa lero ndi otambalala mamilimita pafupifupi 30 m'kati, oyenerana ndi matayala a mainchi 2.4 kapena 2.5. Limu ikachepa, tayala limapindikira m'mbali pokhota. Ikatambalala kwambiri, m'mphepete mwake mumakhala poyera, posavuta kugunda mwala. Magudumu a mainchi 26 analamulira zaka zambiri, kenako kunabwera a 27.5, ndipo mu 2017 timu ya Santa Cruz Syndicate inabweretsa a 29 ku World Cup. Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg ku South Africa, yemwe anakhalapo katswiri wa dziko lonse kanayi, mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021, anapambana nawo ku Fort William mu 2017 momwemo. Lero ambiri amaika la 29 kutsogolo ndi la 27.5 kumbuyo. Laling'onolo lili ndi masipoko aafupi, choncho limalimba m'mbali, ndipo kumbuyo ndi kumene nkhonya zambiri zimagwera.

Chimene chimapha malimu ambiri ndi mpweya wochepa m'tayala. Otsetsereka mapiri amapopa pang'ono, nthawi zambiri pakati pa 22 ndi 30 psi, kuti tayala ligwire nthaka. Akachepetsa mopitirira, mwala umafinya tayala mpaka kukafika pa limu. Amene anakwerapo njinga ya chubu amadziwa mabowo awiri oyandikana aja, ooneka ngati polumidwa ndi njoka: ndi chubu chopanidwa pakati pa mwala ndi m'mphepete mwa limu. Kuyambira mu 1999, pamene kampani ya Mavic inatulutsa magudumu a njinga za m'mapiri osafuna chubu, vuto limeneli linachepa, koma limu ikugundabe mwala. Zothandiza ndi tayala la khungu lochindikala lopangidwira masewerawa, ndiponso chinkhupule cholimba chimene ena amaika m'kati mwa tayala, monga cha CushCore, choti chikhale pakati pa mwala ndi limu. Zimalemeretsa njinga, koma n'zotchipa kuposa gudumu latsopano.

Nkhaniyi imakhudza thupi la munthu mwachindunji. Gudumu lakumbuyo likawonongeka, nthawi zambiri wokwera amatha kuima. Lakutsogolo likapindika pa liwiro, njinga imaima mwadzidzidzi ndipo munthu amaponyedwa pamwamba pa mahandulo. Amatambasula dzanja kuti adzitchinjirize, mphamvu yonse n'kudutsa m'mkono kukafika paphewa. N'chifukwa chake kuthyoka kwa fupa lopingasa la pakati pa khosi ndi phewa, kuguluka kwa phewa ndi kuthyoka kwa pamfundo ya dzanja ndi zovulala zofala m'masewerawa. Zoopsa kwambiri ndi za mutu ndi msana. Chisoti chophimba mutu ndi chibwano chomwe n'chofunika, koma munthu amene wagunda mutu n'kuyamba chizungulire, kusanza kapena kuiwala zimene zachitika asakwerenso tsiku limenelo, apite kuchipatala. Ndipo amene akudandaula khosi kapena dzanzi m'miyendo asanyamulidwe mwachisawawa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi njinga zotchipa zokhala ndi maonekedwe a za m'mapiri, ndi zakaunjika zimene sitidziwa kumene zinadutsa. Zambiri zotchipazo zili ndi limu ya khoma limodzi, kachitsulo kopyapyala kopindidwa ngati ngalande. Limu yoyenera miyala imakhala ndi makoma awiri, pakati pali mphako ngati bokosi. Mukavula tayala ndi kalamba ka m'kati n'kuona mitu ya manati a masipoko ili pamtunda, limuyo ndi ya khoma limodzi. Ndi yabwino popita kuntchito kapena kumsika. Musatsike nayo mothamanga njira ya miyala.

Kwa munthu wogula ndi ndalama za m'thumba mwake, chisankho changa ndi limu ya aluminiyamu ya makoma awiri, yotambalala mamilimita pafupifupi 30, ya mabowo 32, yomangidwa ndi mmisiri wodziwa kukoka masipoko mofanana. Mukakwera maulendo awiri kapena atatu oyamba, bwererani nayo kwa mmisiriyo akaonenso masipoko. Ndipo musanakwere phiri tsiku lililonse, pukutani fumbi pa limu, yang'anani mozungulira bowo la sipoko iliyonse ndi pamene limu inalumikizidwa, zungulitsani gudumu muone ngati likuyenda mowongoka. Mukapeza mng'alu, ngakhale wochepa ngati tsitsi, limu imeneyo isatsikenso phiri.