Nyamakazi pa Ulendo wa Pandege: Kafikeni Kwanu Mukuyenda Nokha

Chaka chilichonse mwezi wa Disembala ukamayandikira, kuchipatala chathu cha pamgodi kumadzaza anthu ofuna mankhwala a paulendo. Chaka china kunabwera bambo wina wa ku Malawi, wazaka za m'ma 50, amene anali atagwira makina oboolera miyala kwa zaka zoposa 20. Ana awo anali atasonkherana ndalama n'kuwagulira tikiti ya ndege kuti asazunzikenso ndi basi. Koma iwo sankaoneka osangalala.

Ndinawafunsa ngati akuopa kukwera ndege. Anaseka. "Anamwino, munthu wotsika pansi pa nthaka tsiku lililonse angaope kumwamba? Chimene ndikuopa ine ndi mawondowa. Ndikangokhala pansi ola limodzi, amakana kudzuka. Ndiye adzukulu anga abwere kudzandichingamira, akapeze anthu akundinyamula ngati thumba la chimanga?"

Anthu a kumigodi sanayambe lero kukwera ndege. Makolo athu ambiri a ku Malawi ankapita ku Joni pa ndege za Wenela kudzera ku Francistown, mpaka mu 1974 pamene imodzi inagwa n'kupha anthu oposa 70, boma la Malawi n'kuimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Koma iwo ankakwera ali anyamata. Amene ndimakumana nawo ine ndi anthu oti mgodi wawadya mawondo, chiuno, mapewa ndi zala.

Kodi n'chifukwa chiyani mfundo zimauma munthu akakhala pansi?

Pamalo pamene mafupa awiri amalumikizana, pomwe timati mfundo, pamakhala chicherewechere ndiponso timadzi toterera tothandiza kuti mafupa asakhulane. Timadziti timagwira bwino ntchito mfundo ikamayenda. Mukakhala malo amodzi mutapinda mawondo, mfundo imauma ndipo minofu yozungulira imakungika. Munthu wabwinobwino akaimirira, zimatha pa masitepe awiri atatu. Kwa wa nyamakazi zimatenga nthawi, ndipo zimawawa.

Nyamakazi sikhala ya mtundu umodzi, ndipo ndi bwino kudziwa yanu. Yofala kwambiri kumigodi ndi ija yobwera chifukwa cha kuperepeseka kwa chicherewechere. Imagwira anthu amene agwira ntchito zaka zambiri atagwada kapena atanjuta m'malo ofupika, onyamula zolemera, ndiponso amene anavulalapo bondo kale. Ina ndi yotupitsa mfundo, imene madokotala amaitchula kuti rheumatoid. Iyi imakonda kugwira zala za manja onse awiri, ndipo m'mawa munthu amatha ola lathunthu manja ali gwa. Anthu amene apuma fumbi la miyala kwa nthawi yaitali amaidwala kawirikawiri kuposa anthu ena. Yachitatu ndi gauti, imene imabwera mwadzidzidzi, nthawi zambiri usiku, pa chala chachikulu cha kuphazi. Chalacho chimatupa, kutentha, moti ngakhale bulangete likachikhudza munthu amakuwa.

Ena amati mpweya wa m'ndege ndi umene umawawitsa mafupa. Zoona, mpweya wa m'ndege ndi wopepuka, wofanana ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, ngati pamwamba pa phiri la Zomba. Komatu mzinda wa Johannesburg nawonso uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, ndiye ambiri a inu thupi linazolowera kale. Zimene zimavutitsa mfundo kwenikweni ndi mpando wopanikiza, kuzizira, ndi kukhala duu osasuntha.

Musawerengere maola a mumlengalenga okha. Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndege imatenga maola osapitirira awiri ndi theka. Koma onjezerani ulendo wochokera kumgodi, maola atatu odikira pabwalo la ndege, mizere ya mapasipoti, ndiponso minibasi yokafikitsa kumudzi. Limakhala tsiku lathunthu.

Musananyamuke, pitani kuchipatala

Musadikire tsiku lomaliza. Kukatsala milungu iwiri, kaonaneni ndi anamwino kapena adokotala, muwauze za ulendowo. Pemphani mankhwala okwanira masiku onse a tchuthi, n'kuwonjezerapo a mlungu umodzi kuchitira kuti mwina mungachedwe kubwerera. Pemphaninso kalata yofotokoza matenda anu ndi mayina a mankhwala amene mukumwa. Kalatayi imathandiza pachipata cha ofufuza katundu, makamaka ngati muli ndi mankhwala amphamvu monga codeine kapena tramadol, amene mayiko ambiri amawayang'anitsitsa. Imathandizanso mukadwala kumudzi, chifukwa achipatala cha kwanu sakudziwa mbiri yanu.

Pali anthu awiri amene sayenera kugula tikiti asanafunse dokotala. Woyamba ndi amene ali ndi matenda a fumbi m'mapapo ndipo amabanika akayenda pang'ono, chifukwa mpweya wopepuka uja ungamuvute. Wachiwiri ndi amene wangoyamba kumene mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB, poti akhoza kupatsira anzake. Dokotala ndi amene anganene kuti tsopano mutha kuyenda.

Pa nkhani ya TB yomweyi, dziwani kuti mmodzi mwa mankhwala a miyezi iwiri yoyambirira, otchedwa pyrazinamide, amachititsa anthu ena kumva kuphwanya m'mfundo, ndipo amatha kudzutsa gauti. Ndaonapo anthu akusiya mankhwala a TB chifukwa cha zimenezi, osauza aliyense. Chonde musasiye. Kanenani kuchipatala, pali njira yochepetsera ululuwo mankhwala mukumwabe.

Za mankhwala opha ululu

Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amadzipwetekera. Munthu akaopa ululu wa paulendo, amagula chilichonse pa sitolo n'kumwera pamodzi.

Paracetamol, amene ambiri timangoti Panado, ndi wabwino kuyambira. Munthu wamkulu amwe mapiritsi awiri a 500 mg nthawi imodzi, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Mukapitirira, chiwindi chimaonongeka, makamaka ngati mumamwanso mowa kapena mankhwala a TB. Vuto n'lakuti paracetamol amabisala m'mankhwala ena. Ufa wa Grand-Pa, umene anthu amauthira pakamwa ngati shuga, uli ndi paracetamol, aspirin ndi caffeine. Mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol. Ndiye amene wamwa Panado, Grand-Pa ndi mankhwala a chimfine tsiku limodzi, wamwa mankhwala amodzimodzi katatu osadziwa.

Ibuprofen ndi diclofenac amachepetsa kutupa bwino, koma si a aliyense. Amakanda m'mimba, amakweza BP, ndipo amatopetsa impso. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, a mtima kapena a kuthamanga kwa magazi, funsani kaye. Ngati mukumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, monga mmene alili ambiri masiku ano, musamwe mankhwalawa masiku ambiri motsatizana popanda kuuza achipatala, chifukwa onsewa amadalira impso zomwezo. Musamwe ibuprofen ndi diclofenac pamodzi, ndipo musamwe m'mimba muli njala. Kwa bondo kapena dzanja, diclofenac wopaka amathandiza ndipo savuta m'mimba ngati wakumwa.

Amene mukumwa methotrexate kamodzi pa mlungu, lembani tsiku lake penapake. Pa tchuthi masiku amasokonekera, ndipo mankhwalawa ndi oopsa akamwedwa tsiku ndi tsiku.

Mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake olembedwa dzina. Musawaike m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege. Masutikesi amasochera, ena amafika patatha masiku. Mafuta opaka a m'chikwama cha m'manja akhale m'botolo kapena m'chubu chosapitirira 100 ml. Imwani mankhwala anu a ululu kukatsala theka la ola kapena ola kuti mukwere, musadikire kuti ululu uyambe.

Pabwalo la ndege

Bwalo la O. R. Tambo ndi lalikulu. Kuchoka polembetsera katundu kukafika pachipata chokwerera, munthu wa mawondo opweteka amafika atatheratu. Makampani a ndege amapereka njinga ya anthu ovutika kuyenda pamodzi ndi munthu wokankha, ndipo simulipira kanthu. Muwauze pogula tikiti, kapena kukatsala maola 48. Muwauzenso ngati masitepe amakuvutani, chifukwa pa mabwalo ambiri a kuno kwathu anthu amakwera ndi kutsika ndege pa masitepe.

Ndikudziwa kuti abambo ambiri sangalole. Bambo aja atamva za njinga anagwedeza mutu, amvekere, "Ine sindine wolumala." Sindinawakakamize. Koma maganizo anga ndi akuti ndi bwino kukankhidwa ku Johannesburg, kumene palibe akukudziwani, n'kusunga mphamvu za m'mawondo kuti mukatsike nokha pa Chileka kapena pa Kamuzu.

Katundu ndiye mdani wina. Tonse timafuna kufika kumudzi ndi zovala za ana, mabulangete, mafuta ophikira. Koma chikwama cholemera chopachika phewa limodzi chimapotola msana. Gwiritsani ntchito chikwama cha matayala kapena ngolo za pabwalopo, ndipo muzikankha, osati kukoka. Poika chikwama m'kabati ya pamwamba pa mipando, pemphani mnzanu wa mapewa abwino akuthandizeni. Ndodo yoyendera imaloledwa; amangoipima pa makina. Ngati anakuikani chitsulo m'bondo kapena m'chiuno, auzeni ofufuza musanadutse pa makina, chifukwa akhoza kulira.

Podikira, musangokhala pampando maola onse. Yendani pang'onopang'ono mphindi zisanu, khalani, kenako yendaninso.

Muli m'ndege

Pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira, osati wa pawindo. Ngati bondo lovuta ndi la kumanja, kanjirako kakhale kudzanja lamanja kuti muzitha kuwongola mwendo. Mipando ya pakhomo lothawira pangozi ili ndi malo otakasuka, koma amakhazikapo okhawo amene angathe kutsegula chitseko cholemera ndi kuthandiza ena, choncho akhoza kukukanizani. Pansi pa mpando wa kutsogolo kwanu musadzazepo katundu. Malo amenewo ndi a mapazi anu.

Pakapita mphindi 20 kapena 30, sunthani mfundo zanu muli pomwepo. Zunguzani mapazi kakhumi mbali iyi, kakhumi mbali inayo. Pondani ndi zala n'kukweza zidendene, kenako pondani ndi zidendene n'kukweza zala. Wongolani bondo limodzi, limbitsani ntchafu, werengani mpaka 5, bwezani. Fumbatani manja n'kutambasula. Zunguzani mapewa chakumbuyo. Palibe amene angakudabweni, anthu ambiri amakhala ali mtulo. Nyali ya malamba ikazima, imirirani muyende kukafika kuchimbudzi ndi kubwerera, kamodzi pa ola.

M'ndege mumazizira ngakhale kunja kuli dzuwa la Okutobala. Valani juzi, buluku lotakasuka, masokosi ndi nsapato zosathina, poti mapazi amatupirako. Juzi ina muipinde n'kuika kumsana, pamwamba pa chiuno. Mpweya wake ndi woumanso kwambiri, ndiye imwani madzi pafupipafupi. Ena amadzimana madzi poopa kuvutitsa anzawo popita kuchimbudzi. Kwa munthu wa gauti zimenezi n'kuputa dala matenda. Mowa ausiye, ngakhale akupereka ulere.

Ululu umene si wa nyamakazi

Munthu akakhala osasuntha kwa maola oposa 4, kaya m'ndege, m'basi kapena m'galimoto, magazi amatha kuundana mu mtsempha wa m'mwendo. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimapha. Ngoziyi imakula kwa anthu onenepa kwambiri, amene achitidwa opaleshoni posachedwapa, amayi oyembekezera kapena akumwa mapiritsi olerera, ndi amene zinawachitikirapo kale. Amene mukuyenda pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ulendo wopitirira tsiku lathunthu, nkhaniyi ikukukhudzani kuposa a pandege. Basi ikaima, tsikani muyende, ngakhale kuli usiku.

Wa nyamakazi amazolowera ululu, ndiye savutika kunena kuti "ndi mwendo wanga uja." Koma mukaona kuti mwendo umodzi watupa kumunsi kwa bondo, katumba akuwawa, akutentha kapena wasintha mtundu, musausisite ndipo musautheme mphini. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, muwauze kuti mwayenda ulendo wautali. Izi zitha kuoneka ngakhale patapita masiku kapena milungu. Mukayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kulasa m'chifuwa kapena kutsokomola magazi, thamangani nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso mfundo imodzi ikatupa n'kutentha, thupi lonse n'kutentha: mwina mwalowa tizilombo. Msana wowawa kwa milungu yambiri, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, nawo ukapimidwe, chifukwa TB imagwiranso mafupa.

Amayi ndi ana amene mukulandira alendo kunyumba, zizindikiro zimenezi muzidziwe inunso. Abambo ambiri sanena. Ndipo ngati ali ndi gauti, musawakonzere chiwindi, impso, nthumbwana ndi mowa tsiku loyamba lomwelo, ngakhale kuti mwawasowa chaka chonse.

Ndege ikatera

Musapikisane ndi anthu othamangira kukhomo. Khalani kaye, pindani ndi kuwongola mawondo kangapo, imirirani mutagwira mpando, dikirani pang'ono, kenako yambani kuyenda. Potsika masitepe gwirani chitsulo cha m'mbali, tsogozani mwendo wopweteka, wabwino uzitsatira. Pokwera, wabwino ndi umene umatsogola. Mukafika kunyumba, thowani mfundo zouma ndi kansalu koviika m'madzi ofunda. Koma mfundo yotupa ndi kutentha imafuna nsalu ya madzi ozizira.

Bambo aja anabweranso mu Januwale kudzatenga mankhwala. Njinga anakana mpaka mapeto, koma mpando wa pakanjira anapempha, ndipo masitepe a pa Chileka anatsika okha. Chimene chinawagwetsa ndi minibasi. Anawapanikiza kumpando wa kumbuyo, sutikesi ili pamiyendo, maola atatu osasuntha, ndipo anagona masiku awiri. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti asungeko ndalama yolipirira katundu payekha, apemphe mpando wa kutsogolo kapena wa pafupi ndi chitseko, ndipo minibasi ikaima pa siteji atsike kaye n'kuwongola miyendo.